Chala cha a Gabrieli

Luciya anali mtsikana woti ukamufunsa kuti mchere uli pati, amayamba wakuuza kuti amene amalamula za mchere m'dziko muno ndi ndani kkk. Sanabadwe chonchi ayi. Chinamusintha ndi phunziro limodzi la kusekondale, la kayendetsedwe ka boma ndi ndale, lomwe ankaphunzira okhawo amene afika makalasi omaliza. Munali mu 1970, dziko lili m'manja mwa Apwitikizi, nkhondo ili mkati kuthengoko, ndiye buku la phunzirolo linkangokamba za boma lawolo basi. Anzake m'kalasi ankati ndi phunziro lobweretsa tulo. Luciya yekha ankalikonda ngati mango oyamba kupsa.

Kwawo kunali ku Ngauma, kamudzi ka alimi a fodya kupitirira Itepela pang'ono. Anayambira sukulu ku mishoni ku Massangulo, asisiteri ataona mutu wake anati uyu asathere pano, ndiye anamupezera malo ku Cuamba. Kumeneko ankakhala kwa a Germano ogwira ntchito ya njanji, poti akazi awo a Olinda anakulira limodzi ndi mayi ake a Luciya. Ankagona chipinda chimodzi ndi Mariana, mwana wa pakhomopo, mtsikana woseka ngakhale m'tchalitchi.

M'chipindamo Luciya anamata pakhoma pepala lalikulu, atajambulapo makwerero a boma lonse. Pamwamba penipeni akuluakulu a ku Lizibowa, likulu la Apwitikizi, kutsika bwanamkubwa wa dziko lino, kutsika wa chigawo, kutsika wa boma laling'ono, kutsika chefe, mkulu wa kaofesi ka boma ka kudera kotchedwa posito, kutsika mfumu, pansi pake anthu. Tsiku lina akubwera kusukulu anapeza Mariana wawonjezerapo nkhuku pansi pa anthu, pansi pa nkhuku wajambulapo chiswe, ndiye pansi pa chiswe walemba dzina lake iye Mariana kkkk. Akuti poti ndi amene amatumidwa ndi aliyense pakhomopo. Luciya anakwiya madzulo onse koma sanafufute.

Ndiye tsiku lina aphunzitsi awo, mzungu wina wowonda woiwalira choko kukhutu, anaphunzitsa zoti nzika iliyonse ili ndi ufulu wolemba pempho kapena dandaulo ku boma, ndipo boma liyenera kuyankha. Bola pempholo lilembedwe pa pepala la boma la sitampa, labuluu lija la mizere 25, mwaulemu, osadumpha mzere. Luciya anakweza mkono nkufunsa ngati ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga, monga bambo ake, ali nawo ufuluwo. Aphunzitsi anayang'ana m'buku, anati palembedwa nzika iliyonse, wosadziwa kulemba adinde chala.

Kunyumba anafotokozera aliyense mpaka chakudya kuzizira. A Germano anamvetsera akuchotsa minga ya nsomba, kenako anati iwo agwira njanji zaka makumi awiri, makwerero akewo amawadziwa, koma sanaonepo chinthu chikukwera pamenepo. Akuti ndi otsikira okhaokha. Luciya anawayankha mwaulemu kuti mwina chifukwa anthu salemba bwino, amalakwitsa malonje a pamwamba. A Olinda anaseka mpaka kutsamwa.

Tchuthi cha Pasaka chitafika a Germano anamukweza sitima, Luciya anatsika, nkuyenda wapansi theka la tsiku. M'chikwama munali buku lake lija, botolo la inki, ndi pepala limodzi la sitampa lomwe anagula kuti akadzabwerera adzalembepo zopempha kulowa mayeso.

Bambo ake, a Gabrieli, anamuonera patali ali pa chigafa, mkono uli mmwamba akupachika fodya. Munthu wanthabwala ameneyo. Kuyambira pomwe anamva zomwe mwana wawo akuphunzira sankamutchulanso Luciya, ankati a Boma. Anatsika nkuvula chipewa nkugwada bondo limodzi, akuti a Boma afika pamudzi ndipo ife sitinasese. Mayi ake, a Kristina, anati dzukani inu mukuchititsa manyazi, koma nawonso akuseka.

Koma kusekako sikunafike madzulo. Kunali kutabwera lamulo masiku atatu apitawo. Mudzi wonse usamuke pasanathe masiku khumi, ukakhale kumsewu, kumudzi watsopano wozunguliridwa ndi waya womwe ankautcha aludeyamento, kuti ankhondo a kuthengo asamapeze chakudya kwa anthu. Kusamukako anthu anali atagonja kale. Vuto linali fodya. Anali atangomusoka kumene nkumupachika, masamba akadali aawisi. Fodya wotere ukamutsitsa nkumuunjika amatentha yekha nkuwola masiku awiri okha. Amafuna masabata asanu ndi limodzi ali chipachikire, mphepo ikumudutsa. Ndipo chaka chimenecho fodya wa a Gabrieli anachita bwino kuposa zaka zonse, masamba ngati makutu a njovu.

Luciya anangoti njira ilipo. Ananena mosangalala, tangoganizani, chaka chonse ukuwerenga chinthu ndiye lero chikufunika kwanu kwenikweni.

Mawa lake masana azibambo anasonkhana mumthunzi wa chigafa. Luciya anakhala pa mtondo wogadamitsa, thabwa pamiyendo, nkulemba. Analemba bwino zedi. Malonje a pamwamba onse m'malo mwake, nambala ya lamulo kuchokera m'buku, Chipwitikizi chosalala chopanda pokhumudwa. Sanakane kusamuka ayi, anangopempha masabata asanu ndi limodzi kuti fodya aume. Atawawerengera nkuwamasulira, azibambo anayang'anana, wina anati mawu amenewa ngakhale mwala ungamve chisoni.

Pempholo linadya mizere khumi ndi umodzi. Yotsala inali ya mayina. Luciya anati ayambe ndi dzina lake poti walemba ndi iye, ndi mmene zimakhalira. Apo a Filipo, mkulu wa zaka zambiri pamudzipo amenenso ankatsogolera mapemphero, anatsokomola. Anafunsa ngati kusukuluko anawaphunzitsa kuti mwana amasamba m'manja akulu asanasambe. Dzina la mwana pamwamba, la bambo ake pansi, anthu aku boma akaona adzati mudzi uwu ndi wopanda mwambo. Onse anavomera. Luciya anachita manyazi nkuweramitsa mutu.

Ndiye anayamba kukankhirana ulemu kkk. A Gabrieli akuti ayambe a Filipo poti ndi aakulu. A Filipo akuti ayi, ulemu wa lero ndi wa amene anabala mwana wodziwa kuyankhula ndi boma. Wina akuti ayambe uje poti ali ndi zigafa ziwiri. Zinatenga nthawi yoti munthu ukanakazinga chimanga nkudya nkumaliza. Mapeto ake a Gabrieli anagonja akumwetulira mano onse panja, dzina lawo linakhala pa mzere woyamba.

Luciya anathira inki pa chivindikiro cha botolo. Zala za azibambo onsewo zinali zomata ndi utomoni wa fodya, ndiye inki inagwira ngati yaphikidwira pomwepo. A Gabrieli anaviika chala chachikulu chonse mpaka mu mfundo, nkudinda ndi mphamvu yonse ngati akupha nsikidzi, chidindo chake chinatuluka chachikulu mpaka kulowerera mzere wa a Filipo. Azibambo khumi ndi anayi, mizere khumi ndi inayi. Pofika pansi panalibenso mzere wa Luciya. Iye anaona ngati palibe kanthu, bola pempho lapita.

Enawo anapita kukakhula zala ndi mchenga ndi ndimu, inki osachoka kwenikweni. A Gabrieli sanayese nkomwe. Ankayenda chala chili mmwamba, akuti chala ichi chapita ku boma, muzichipatsa moni. Lamulungu la Pasaka pochita chizindikiro cha mtanda anatuluka thukuta, anabwera kunyumba ndi kadontho kabuluu pamphumi, a Kristina anawasiya choncho tsiku lonse osawauza.

Lolemba a Gabrieli ndi a Filipo anavala majekete nkukapereka pepalalo ku posito. Kalaliki analilandira, analiwerenga kawiri, anawayang'ana nthawi yaitali, nkudinda. Awiriwo anabwera akusangalala, akuti watilandira ngati anthu.

Lachinayi mmawa, mame asanaume, kunabwera galimoto ya asilikali. Sanavutike ndi kufunsa mayina. Anangoti azibambo onse aime pamzere atambasule manja. Aliyense wa chala chabuluu anakwera. A Gabrieli anakwera oyamba, poti chawo chinkaonekera patali. Luciya anathamanga ndi buku lake kuti akaonetse tsamba lija la ufulu wolemba pempho, a Kristina anamugwira diresi kumbuyo mpaka inang'ambika, anamukokera m'nyumba nkumutseka pakamwa ndi dzanja.

Masiku khumi aja sanakwanenso. Tsiku lomwelo mudzi unauzidwa kunyamuka. Azimayi ndi ana anasenza zomwe akanatha, ndipo ali pamtunda anaona utsi kumbuyo. Zigafa zonse. Fodya wauwisi sayaka bwino, amangofuka, ndiye fungo lake linawatsatira njira yonse mpaka kumsewu.

Patapita masiku anayi azibambo khumi ndi atatu anabwera kumudzi wa wayawo, manja atatupa ngati mabanzi. A Filipo sankatha kugwira chikho, ankamwetsedwa madzi ndi akazi awo. Anaitana a Kristina ndi Luciya kuseri kwa msasa nkuwauza motsitsa mawu. Akuti ku posito anati kalata imeneyi ndi yabwino mopitirira. Mlimi wa fodya sangadziwe nambala ya lamulo. Ndiye kuti yalembedwa ndi anthu a kuthengo, ophunzira aja, pofuna kuti mudzi usasamuke azipeza chakudya. Ndipo kwa iwo dzina loyamba pa pepala si ulemu ayi, ndi mtsogoleri. Enawo anawamenya nkuwamasula. A Gabrieli anawasunga kuti anene amene analemba.

Luciya anafunsa kuti nanga bambo akuyankha chiyani. A Filipo anati akunena kuti analemba ndi munthu wina wodutsa pa njinga, dzina sanamufunse. Tsiku loyamba anatero, lachiwiri anatero, mpaka iwo akutuluka anali akunenabe za njinga, mpaka mtundu wa njingayo akuufotokoza. Atatero a Filipo analira, munthu wamkulu, akuti ndine ndinawakankhira patsogolo.

Kwa Luciya nkhani inali yosavuta. Akufuna wolemba, wolemba ndi iye, ali ndi buku losonyeza komwe anatenga nambala ya lamulo, ndi buku la sukulu ya boma lomwelo. Akangoona amasula bambo. Sanauze mayi ake. Mmawa geti la waya litangotsegulidwa kuti anthu apite kumadzi, anazemba ndi buku lake nkuyenda maola anayi.

Pa geti la posito panali msilikali wakuda wa pakhomo, amene ankawatcha asipayi, bambo wachikulire wa Chiyao dzina lake a Rajabo. Ankawadziwa a Gabrieli, ankagula kwa iwo fodya wopota wosuta. Atangoona nkhope ya mtsikanayo ndi buku m'manja anadziwa. Anamukokera kuseri kwa mtengo wa mango ngati akumukalipira za china chake.

"Iwe ndiwe wa njinga uja?"

Luciya anavomera ndi mutu. Anayamba kutsegula buku, akuti angowaonetsa achefe tsamba limodzi lokha.

"Tseka chimenecho. Bambo ako akumenyedwa lero tsiku lachisanu kuti dzina lako lisatuluke. Iwe ukufuna ulipereke ulere pa geti?"

"Koma ndikanena awamasula."

"Ndani wakuuza? Ukalowa umu satuluka iwo. Mukhala awiri basi. Ndiye mayi ako aziphikira ndani?"

Luciya anati m'buku mwalembedwa. A Rajabo anayang'ana bukulo, anati iwo sadziwa kuwerenga, koma pa geti limeneli aima zaka khumi ndi ziwiri ndipo buku limenelo sanalionepo likulowa. Kenako anayang'ana uku ndi uku nkunena kuti pali uthenga, a Gabrieli anawapatsa dzulo powapititsira madzi, ngati kuti ankadziwa kuti mwana wawo abwera.

"Akuti muwauze a Boma abwerere kusukulu akalembe mayeso. Akuti njinga ija inapita kale, asaithamangire."

Luciya anaima pamenepo nthawi yaitali. Nyumba yomwe munali bambo ake inkaoneka, yoyera, ya kawindo kamodzi kammwamba, mtunda woti akanafuula akanamva. Anatsegula pakamwa. Anatseka, anatembenuka, nkuyamba kuyenda maola anayi aja kubwerera.

Sabata yomweyo kunamveka kuti a Gabrieli anakwezedwa galimoto ndi akaidi ena kulowera kumunsi. Kuti kwenikweni, palibe anadziwa.

Atabwerera ku Cuamba anapeza khoma lili mbee. Uthenga unali utafika kale, Mariana anachotsa makwerero aja nkuwabisa, ndipo kwa masabata angapo sanaseke, zomwe zinali zoopsa kuposa kulira. A Germano sananene kuti ndinakuuza. Anangobwera tsiku lina ndi pepala lina la sitampa nkuliika pa tebulo, akuti la mayeso lija. Anauzanso anzawo onse a njanji, oyendetsa, owotcha malasha, a m'masiteshoni mpaka ku Nampula, kuti akaona akaidi akukwezedwa ayang'ane munthu wamtali wa chala chabuluu. Mmodzi anati anaona wotere, wina anati ayi anali wina. Zinathera pomwepo.

Luciya sanasiye phunziro lija. Akanalisiya bwanji, uthenga unati alembe. Ankawerenga atakhala tsonga ngati akumwa mankhwala owawa. M'kalasi sanakwezenso mkono, mpaka aphunzitsi anamufunsa ngati akudwala, iye anati ndi malungo.

Mayeso a phunzirolo anali ndi mbali yoyankha pakamwa, uli chiimire pamaso pa aphunzitsi atatu. Wapakati anatsegula buku mwachisawawa nkumuuza kuti afotokoze za ufulu wa nzika wolemba pempho ku boma. Luciya anayang'ana pawindo kaye. Kenako ananena zonse, nambala ya lamulo, mtundu wa pepala, mizere 25, malonje, komwe pempho limayambira ndi mmene limakwerera. Osaphonya liwu. Wakumanzere anafunsa kuti nanga nzika ikapereka pempho lake imatani.

"Imadikira," anatero Luciya.

Anamupatsa 18 pa 20. Aphunzitsi a choko kukhutu aja anamugwira chanza, akuti zaka zonse akuphunzitsa sanaonepo mwana womvetsa boma chonchi.

Mwezi wa Ogasiti anapita kwa mayi ake. Mudzi wa waya uja unali fumbi lokhalokha, nyumba zili pamzere ngati mano a chipeso, palibe chigafa ngakhale chimodzi. A Kristina anali atachepa thupi. Atamupatsa madzi akumwa anasolola envelopu padenga, akuti inabwera ndi mesenjala masabata awiri apitawo, yolembedwa dzina la a Gabrieli. Sanapatse munthu aliyense kuti awawerengere. Masabata awiri onsewo ankagona nayo kumutu, poganiza kuti mwina ikunena komwe ali.

Luciya anang'amba pang'onopang'ono. Munali pepala labuluu lomwe lija, zolemba zake zomwe, litapindidwapindidwa. Koma m'mphepete monse munali zidindo, china pamwamba pa chinzake, chilichonse ndi tsiku lake. Cha posito. Cha boma laling'ono. Cha chigawo. Pepalalo linakweradi makwerero aja limodzi limodzi ngati mmene ankajambulira pakhoma, nkutsikanso. Ndipo pakona yapamwamba wina analemba ndi inki yofiira liwu limodzi nkusaina.

A Kristina anafunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti avomera. Tikhoza kukhala masabata asanu ndi limodzi mpaka fodya aume."

Panja mwana wa oyandikana nawo ankalira, wina akusinja. Mayiwo anafunsa ngati penapake palembedwa za bambo ake. Luciya anatembenuza pepalalo, anayang'ana kumbuyo, anasuzumira mu envelopu. Anati ayi.

Ankaganiza kuti mayi ake alira, kapena amukalipira, mwina akanamukalipira zikanakhala bwino. Koma a Kristina anangosendera pafupi pa mphasa nkupukuta manja pa chitenje. Pakhomopo panalibe chithunzi cha a Gabrieli, sanajambulitsepo moyo wawo wonse, ndipo jekete ndi chipewa anapita nazo.

"Ndionetse pomwe pali iwo."

Luciya analoza mzere woyamba wa mayina. Sipankafunika nkuloza komwe, chidindo chawo chinali chachikulu kuposa zonse, chitalowerera kwa a Filipo, timizere ta chala tikuoneka bwinobwino, ndi kachipsera ka chikwakwa kodutsa pakati. A Kristina anaika chala chawo pamwamba pake. Chinali chaching'ono, buluu ankaonekera mbali zonse.

"Anthu awa," anatero. "Ndinawauza kuti asadinde ngati akupha nsikidzi."

Anakhala choncho osachotsa chala, mpaka kunja anayamba kuitana anthu kuti geti likutsekedwa.